Udzu wa pansi pa nyanja yamchere SI ndere! Umachita maluwa ngati chimanga

[Pa sikirini: kapu ya madzi obiriwira, pambali pake kapinga wozulidwa ndi mizu yake]

Muli bwanji abale anga, moni kuchokera kuno ku Chipata. Onani zinthu ziwiri izi. M'kapu muli ndere, ndatunga m'mawa uno ku Lutembwe. Uyu ndi kapinga wa kuseri kwa nyumba. Tsono udzu umene umamera pansi pa nyanja yamchere, uja pachingerezi amati seagrass, m'bale wake ndi uti pa awiriwa? Lembani yankho m'makomenti tisanapite patali. Amene simunachite subscribe, batani lofiira ndi ilo.

Choyamba, mwachangu. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 72, m'mabanja anayi. Kumadera otentha kumachuluka mabanja awiri. Banja la Hydrocharitaceae lili ndi Thalassia, Enhalus ndi Halophila. La Cymodoceaceae lili ndi Cymodocea, Halodule, Syringodium ndi Thalassodendron. Mabanja enawo, Zosteraceae ndi Posidoniaceae, amakonda madzi ozizirirapo. A Giredi 12, imitsani vidiyo mukopere, ine ndikupitirira.

Chachiwiri, ndipo apa mundilole ndikhalepo. Anthu ambiri, ngakhale ena ophunzira bwino, amati udzu umenewu ndi ndere zazikulu chabe, zimodzimodzi ndi seaweed imene amayi a ku Zanzibar amalima pa zingwe. Ayi! Zimandiwawa ndikamva zimenezi, chifukwa nkhani yokoma yonse imathera pomwepo.

Taonani m'kapumu. Muzu uli kuti? Palibe. Duwa? Njere? Palibe. Ndere za m'nyanja zimangomata pa mwala, chakudya zimayamwa ndi thupi lonse. Tsopano onani kapinga. Tsinde lake limayanga pansi, pa mfundo iliyonse mizu imatsika, masamba amakwera. Aliyense amene anapalirapo munda wa kapinga akudziwa: ukasiya kachidutswa kamodzi, mvula ikagwa wabwerera. Udzu wa m'nyanja umayenda chimodzimodzi pansi pa mchenga. Uli ndi mizu yeniyeni, ndiponso mitsempha yoyendetsa madzi ndi chakudya. M'masamba mwake muli timipata ta mpweya totsikira mpaka ku mizu. Dulani phesi la tsamba la nthochi muone tizipinda tija, ndiye mwamvetsa.

Ndipo umachita maluwa. Pansi pa madzi amchere! Makolo ake anali zomera za pamtunda, zinabwerera m'nyanja zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo. Kumunda kwathu ngayaye imagwetsa mungu, mphepo imautengera ku ndevu za chimanga. M'nyanja ntchito ya mphepo imagwiridwa ndi madzi, n'chifukwa chake mitundu ina mungu wake ndi wautali ngati ulusi, kuti ukoledwe mosavuta pa duwa lachikazi.

Koma amene ndimamukonda ine ndi Enhalus acoroides, wa masamba otalika mpaka kupitirira mita. Madzi akaphwera kwambiri, timaluwa take tachimuna, toyera, tating'onoting'ono, timathothoka n'kuyandama pamwamba. Duwa lachikazi limakhala likudikira pamwamba pomwepo pa phesi lalitali. Kaduwa kachimuna kakagundapo, basi zatheka, kenaka phesi lija limadzipiringiza n'kukokera chipatso pansi kuti chikakhwime. Njere zake anthu a m'mphepete mwa nyanja amadya. Ndiuzeni, ndere iti imene ingachite zimenezo?

Wina anena kuti, "Ife tilibe nyanja yamchere, zikutikhudza bwanji?" Dikirani. M'nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika muli chomera cha masamba ngati maliboni, dzina lake Vallisneria. Banja lake? Hydrocharitaceae, lomwe lija la Enhalus, ndipo timaluwa take tachimuna timayandama mofananamo. Ndiye amene munapitapo ku Salima kapena ku Mpulungu, mwina munamuponda kale msuweni wake. China: dzina lakuti udzu ndi la maonekedwe chabe. Pa ubale weniweni zomerazi zili m'gulu la Alismatales, pamodzi ndi koko wa m'dimba. Choncho amene munayankha kapinga mwakhoza, koma koko ndiye wapafupi kuposa kapinga.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani like, ndipo vidiyoyi itumizeni ku gulu la WhatsApp la kusukulu kwanu.

Chachitatu, ntchito yake. Tiana ta nsomba, nkhanu ndi tizilombo tina timakulira m'menemo mobisala. Mizu imagwira mchenga kuti mafunde asakokolole gombe, monga vetiva amagwirira nthaka m'mphepete mwa akalozera. Udzu wakufa umakwiririka m'matope, kaboni n'kukhala momwemo zaka mazanamazana. Akamba obiriwira amadya udzuwu. Palinso dugong, chinyama choyamwitsa chimene chimazula udzu ndi mizu yomwe, n'kusiya tinjira pamchenga ngati padutsa khasu. Gulu lake lalikulu limene latsala kum'mawa kwa Africa lili ku zisumbu za Bazaruto ku Mozambique, kwa aneba athu omwewa. Udzu ukatha, dugong amasowa chakudya chake chachikulu.

Chimene chimaupha kwambiri ndi mdima. Umafuna dzuwa lambiri, n'chifukwa chake umamera m'madzi osaya ndi oyera. Mitsinje ikabweretsa matope, kuwala sikufika pansi. Feteleza ndi zonyansa zikachuluka m'madzi, ndere zimakula msanga n'kuphimba masamba ake. Mwaona? Ndere zomwe anthu amazisokoneza ndi udzuwu ndi zimene zimautsamwitsa.

Chachinayi: pa 1 Malichi ndi tsiku la udzu wa m'nyanja padziko lonse. Bungwe la United Nations linavomereza tsikuli mu 2022, dziko la Sri Lanka litapempha.

Sabata yamawa tili pa Vallisneria ndi nsomba zimene zimabisala mwa iye, tidzaone msuweniyu pafupi. Yatsani kabelu kuti isakupiteni. Amene munalemba "ndere" kumayambiriro kuja, musafufute, ingolembani pansi pake chimene chakusinthani maganizo, ndiwerenga zonse usiku uno.