Furnace ikafa m'nyengo yachisanu, ndalama zimapita kuti?

[Kamera ili pamsewu wa ku Katoto m'mamawa. Chifunga chaphimba mitengo, anthu akudutsa ali m'majuzi ndi zipewa.]

Moni nonse amene mukutionera, tikulankhula kuchokera kuno ku Mzuzu. Lero tikambirana nkhani yomwe mabanja ambiri amaimva pa foni koma osaimvetsa bwino. Mwana wanu kapena achimwene anu ali ku Winnipeg m'dziko la Canada kapena ku Minneapolis ku America, mwezi uliwonse amatumiza kangachepe, kenako Januwale akafika mukumva akuti, pepani amayi, mwezi uno sizitheka, furnace yafa. Ena amayamba kudandaula kuti mwana wayamba kuumira. Ine ndikuti tiyeni tione kaye chomwe chafacho, chipangizo chotenthetsera nyumba, mwina madandaulo achepa.

Kuno Juni ndi Julayi amatilumadi, makamaka usiku, ndipo ku Nyika udzu umayera ndi chisanu. Koma ife timafunda mabulangete awiri n'kugona. Ku Winnipeg m'mwezi wa Januwale kuzizira kumatsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Nyumba yopanda moto kumeneko sigoneka. Ndipo si anthu okha amene amavutika. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, choncho mapaipi a m'makoma amaphulika, ndipo akasungunuka nyumba imadzaza madzi. Munthu amene wachedwa kukonzetsa furnace amadzalipira kawiri, kwa wokonza furnace ndi kwa pulambala.

[Chithunzi cha bokosi lachitsulo lalitali m'chipinda chapansi pa nyumba, mapaipi akuluakulu akutuluka pamwamba pake.]

Chipangizocho ndi ichi. Nyumba zambiri za ku Canada ndi kumpoto kwa America zimachisunga m'chipinda chapansi, ndipo zambiri zimayendera gasi wobwera m'mapaipi. Tamverani mmene chimayakira, chifukwa mitengo yonse yabisala m'menemu. Pakhoma pali kachipangizo koyeza kutentha, thermostat. Nyumba ikazizira, iko kamatumiza uthenga. Kafani kakang'ono kamayamba kuzungulira kuti katsuke njira ya utsi. Kenako igniter, kachidutswa kooneka ngati kamwala, kamafiira psuu ndi magetsi. Valavu imatsegula gasi, moto n'kuyaka. Pamenepo kachitsulo kowonda kotchedwa flame sensor kayenera kutsimikiza kuti motowo ulipodi. Kakapanda kuumva m'masekondi ochepa, gasi amatsekedwa pomwepo. Zonse zikayenda bwino, motowo umatenthetsa zitsulo za heat exchanger, ndipo fani yaikulu imakankha mpweya wa m'nyumba kudutsa kunja kwa zitsulozo n'kuugawa m'zipinda zonse.

Chimodzi mwa zimenezi chikakana, nyumba yonse imazizira. Koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Tiyambe ndi chotsika mtengo, chomwenso chimapweteka mtima. Furnace ikuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Wokonza wabwera, watsegula chitseko cha bokosi, wamasula sikuluwu imodzi, watulutsa ka flame sensor kaja kali ndi kadothi kopyapyala. Wakapukuta, wakabwezeretsa, moto wayaka osazimanso. Mphindi zochepa chabe, palibe chomwe wagula. Komabe mwininyumba alipira, chifukwa kungobwera kwa wokonza kudzaona vuto kumakhala pafupifupi madola 100 kapena kupitirira. Akabwera usiku, kumapeto kwa sabata kapena patsiku latchuthi, mtengowo umakwera. Ndipo furnace imakonda kufa usiku womwe kwazizira kwambiri, chifukwa ndi pamene imagwira ntchito osapuma, ndi pamenenso aliyense m'tauni akuimbira okonza omwewo.

Igniter ikathyoka, pamodzi ndi ntchito, ndi madola mazana ochepa. Injini ya fani yaikulu ikapsa, tili pa mazana angapo, ndipo ya mtundu watsopano yosinthasintha liwiro imatha kudutsa madola 1,000. Bolodi yamagetsi yomwe imalamulira zonse nayo imadya mazana angapo. Mitengo imasiyana mzinda ndi mzinda, komanso dola ya ku Canada si yofanana ndi ya ku America, choncho mutenge manambalawa ngati chithunzithunzi chabe.

Mwina mukuti, bwanji osangoitana mnzake wodziwa zitsulo, monga timachitira kuno wailesi ikafa? Gasi sachita naye masewera. M'madera ambiri lamulo limafuna kuti wogwira mapaipi ndi mavalavu a gasi akhale ndi chiphaso. Ku Britain, komwe nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi boiler ya madzi otentha, wokonza ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe. Pa bilu ija, gawo lalikulu ndi nthawi ndi luso la munthuyo, osati chitsulo chomwe wabweretsa.

[Chithunzi chapafupi cha chitsulo chokhotakhota chochita dzimbiri, chili ndi mng'alu wowonda.]

Apa mpamene pali nkhani yaikulu. Heat exchanger ija ntchito yake ndi kulekanitsa utsi wa moto ndi mpweya womwe banja likupuma. Zaka ndi zaka chitsulocho chikutentha n'kuzizira, kufufuma n'kubwerera, mpaka tsiku lina chimang'aluka. Mng'aluwo ukhoza kukhala wowonda moti diso silingauone msanga, koma ungathe kulowetsa m'nyumba mpweya wapoizoni wa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu. Wokonza akaupeza mng'aluwo sakambirana nanu zambiri, amatseka gasi n'kumangirira chikwangwani choletsa kuyatsa. Kusintha chitsulo chimenechi kumadutsa madola 1,000 mosavuta, nthawi zina n'kuwirikiza, chifukwa ayenera kuphwasula pafupifupi bokosi lonse.

Ndiye mwininyumba amakhala pansi n'kuwerengera. Furnace yosamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20. Ngati yake yadutsa zaka 15, kuthira ndalama zochuluka chonchi mu chipangizo chokalamba n'kutaya, chifukwa chaka chamawa fani nayo idzafa. Yatsopano pamodzi ndi kuiika nthawi zambiri imayambira pa madola 3,000 kukwera, ndipo imatha kufika patali. Ubwino wake ndi woti zakale zambiri zimasandutsa pafupifupi 80 peresenti ya gasi kukhala kutentha, pomwe zatsopano zabwino zimadutsa 95 peresenti, choncho bilu ya gasi imatsika. Koma ndalama yogulirayo imafunika lero, ana ali m'majekete pabalaza. Mwezi umenewo kumudzi sikubwera kanthu, ndipo ine sindingamuweruze mwanayo.

Kwa inu amene muli kunjako kapena mukukonzekera ulendo, mvetserani izi. Ngati mukuchita lendi, kukonza furnace ndi udindo wa landilodi, musatulutse ndalama zanu. Mumzinda wa New York, mwachitsanzo, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Meyi lamulo limakakamiza eni nyumba kutenthetsa nyumba zawo, ndipo masana kukazizira m'katimo musatsike pansi pa madigiri 20. Mlembereni uthenga, musungenso umboni wake. Ngati mukugula nyumba, tsikirani m'chipinda chapansi muone chizindikiro cha pabokosi, mufunse kuti furnace ili ndi zaka zingati musanasaine chilichonse. Ku America kulinso pologalamu ya boma yotchedwa LIHEAP yothandiza mabanja opeza zochepa pa bilu yotenthetsera nyumba, ndipo m'madera ena imathandizanso kukonza furnace. Funsani kwanuko.

Chinthu chotchipa kwambiri ndi sefa ya mpweya. Imagulidwa ndi ndalama zochepa, imasololedwa ndi dzanja, ndipo iyenera kusinthidwa pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Ikatsekeka ndi fumbi mpweya sudutsa, heat exchanger imatentha mopitirira, fani imavutika. Anthu ambiri alipira mazana a madola chifukwa cha sefa yomwe anaiiwala. Ndipo muitaniretu wokonza mu Seputembala kapena Okutobala, kusanazizire, pamene alibe mzere. Alamu ya carbon monoxide nayo ikhale pafupi ndi zipinda zogona. M'chigawo cha Ontario ku Canada lamulo limafuna kuti nyumba yokhala ndi chipangizo choyaka moto ikhale nayo.

[Kamera yabwerera ku Mzuzu, mbaula ikuyaka pakhonde.]

Ifeyo furnace tilibe, koma mpweya womwe wokonza uja amauopa tili nawo m'nyumba zathu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide yemweyo. Ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, usiku wa Juni anthu amalowetsa mbaula kuchipinda, kutseka chitseko ndi mawindo, ngakhale kutsekera nsanza pansi pa chitseko kuti mphepo isalowe. Makala oti afiira bwino ndipo sakufukanso utsi amaphabe. Chonde, othani moto pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo musanagone mbaula ituluke panja.

Mukaona anthu angapo m'nyumba imodzi akudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena tulo tachilendo pamene mbaula ili m'kati, musadikire kuti kuche. Tsegulani zitseko ndi mawindo, atulutseni onse panja, ndipo thamangirani nawo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chomwe chili pafupi. Mukafika muwauze adokotala kuti m'nyumbamo munali makala.