Sunandipatse madzi a kumapazi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Glasgow 7 koloko yakwana koma kunja kudakali mdima, kamvula kakungowaza. Kwathuko ndikudziwa kuti dzuwa lakwera kale. Ine ndangofika kumene kuchokera ku shifiti ya usiku, ndiye ndisanagone ndati tigawane mawu a lero, ochokera pa Luka 7:36-50.

Mfarisi wina dzina lake Simoni anaitana Yesu kuti akadye kunyumba kwake. Ali mkati modya, kunalowa mayi amene mzinda wonse unkamudziwa kuti ndi wochimwa. Anaima kumapazi a Yesu nkuyamba kulira, misozi ikugwera pamapazipo, iye nkumapukuta ndi tsitsi lake. Simoni sanalankhule kanthu, anangoti mumtima: uyu akanakhala mneneri, akanadziwa kuti mkazi amene akumukhudzayu ndi wotani. Yesu anamuyankha ndi fanizo la angongole awiri, kenako anacheukira kwa mayi uja nafunsa mwininyumba kuti, "Ukumuona mayi uyu? Ndinalowa m'nyumba mwako, sunandipatse madzi a kumapazi."

Ife a kwathu mawu amenewa amatilowa msanga. Agogo anga mlendo akafika sankayamba ndi mafunso. Ankamulandira katundu, nkutuma mmodzi wa ife kukateleka madzi. Madzi akafunda tinkakasiya kubafa, pamwala pali kachidutswa ka sopo, ngakhale kanali komaliza m'nyumbamo. Nthawi ya nsima mwana ankagwada ndi beseni ndi jagi. Madziwo ankanena zimene pakamwa sipananene, kuti takuonani, ndinu munthu, khalani. Ndiye Yesu anaona kuti kwa Simoni chakudya chinalipo, mbale zinali zoyera, koma madzi a mlendo panalibe.

Kummwera kwa mzinda uno kuli dera lotchedwa Govanhill. Mukamayenda mu Victoria Road kapena Allison Street mumamva zilankhulo zosawerengeka, ndipo mumakumana ndi amayi ovala masiketi aatali ofika m'mapazi, kumutu atamanga duku ngati amayi a kwathu, ana ali mbalimbali. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Roma. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa dzinali limasokoneza khutu la Mchewa. Si Aroma aja Paulo anawalembera kalata, si Akatolika monga timanenera kwathu, ndiponso si dzina lina la anthu a ku Romania, ngakhale ambiri amabadwira kumeneko. Ndi mtundu paokha, wa chilankhulo chakechake. Makolo awo anachoka kumpoto kwa India zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo mpaka lero madzi amawatchula kuti pani, monga amatchulira Amwenye. Ku Ulaya konse alipo pakati pa 10 ndi 12 miliyoni. Ku Govanhill anayamba kufika ambiri dziko la Slovakia litalowa mu European Union mu 2004, ena nkutsatira Romania italowa mu 2007.

Nditangofika kuno ndinaphunzira zinthu zambiri mwamsanga: kukwera basi, kuvala majuzi atatu, kuwerengera ndalama ya magetsi. Ndinaphunziranso china chimene ndimachita nacho manyazi. Kuntchito, pa basi, ngakhale pakati pa ife Amalawi tikakumana, mawu anali amodzimodzi: anthu aja ndi auve, samala chikwama. Sindinafunse kuti wanena ndani, waona chiyani. Miyezi ingapo yokha, ine amene ndinali ndisanalankhulepo ndi munthu wa Roma ngakhale mmodzi, ndinali nditayamba kufinya chikwama kukhwapa mayi wa duku akakhala pafupi nane.

Kutchalitchi kumene ndimapemphera timalongedza majumbo a zinthu za ukhondo Loweruka lina lililonse. Timaikamo sopo wosambira, sopo wa ufa wochapira, miswachi, mankhwala otsukira mano, shampu, matewera a ana, mapadi a amayi ndi atsikana, nthawi zina thawulo. Mwina wina kwathu adabwa kuti ku Ulaya kungakhale munthu wosowa sopo. Alipo ambiri, ndipo si a Roma okha, eni dziko nawonso amabwera. Ndalama ikachepa munthu amayamba walipira lendi, nkugula chakudya, nkuthira magetsi. Sopo amabwera pamapeto, ndipo ndi chinthu chimene munthu amachita manyazi kupempha kuposa buledi. Kunena kuti ana agona ndi njala kumatheka. Kunena kuti mwana wanga wakana kupita kusukulu chifukwa anzake akumuthawa fungo, pakamwa pamalemera.

Loweruka lina tinalandira mabeseni apulasitiki ochepa, ndipo tinagwirizana kuti banja lililonse litenge limodzi. Panabwera mayi wina wa ku Romania, wamkulu kuposa ine, ali ndi mwana wake wamkazi wa zaka ngati 12 amene ankamasulira. Ndinawapatsa jumbo lawo ndi beseni la buluu. Mayiwo analigwira, nkuyang'ana mulu wa otsalawo, nkulankhula motsitsa kwa mwana uja. Mwanayo anati, "Mayi akupempha ngati mungawapatse lina, la mtundu wina."

Mumtima mwanga Simoni anadzuka nthawi yomweyo. Ndinati si izi, zimene amanena zija, ukawapatsa chimodzi afuna ziwiri, mwina akukagulitsa. Pakamwa ndinangoti lamulo ndi limodzi pa banja. Koma nkhope yanga inanena zambiri, ndipo mwana uja anaiwerenga. Anaweramitsa mutu, kenako anadzutsa nkulankhula m'Chingerezi chenicheni cha ku Glasgow, mawu akunjenjemera pang'ono. Anati kwawo beseni lotsukira mbale silichapidwira zovala, ndipo munthu sasambiramo ngakhale m'manja. Zovala za kumunsi kwa thupi sizichapidwa pamodzi ndi za kumtunda, za amayi sizisakanizidwa ndi za abambo. Beseni lawo lina linali litasweka, ndipo kwa sabata yathunthu mayi ake ankachapa mogawagawa mu kandowa kakang'ono kuti asadetse la mbale. Ankafuna mtundu wina kuti ana aang'ono asasokoneze.

Ndinayang'ana manja a mayiwo. Anali ong'ambika m'mphindi mwa zala, khungu litayera ndi sopo ndi kuzizira. Ndinawapatsa beseni lofiira osapeza mawu. Iwo anandigwira dzanja nkunena kuti, "Devlesa." Mwana uja anati tanthauzo lake ndi lakuti Mulungu akhale nanu.

Pambuyo pake ndinamva kuti mwambo umenewu ndi wakale pakati pa mabanja ambiri a Roma, ngakhale si onse amene amautsatira mofanana. Ndinakumbukira amayi anga, amene ukanati utunge madzi akumwa ndi kapu ya kubafa ukanadziwa chimene chinameta nkhanga mpala. Anthu amene dziko lonse limawatcha auve ali ndi malamulo a ukhondo okhwima kuposa a anthu amene amawanenawo.

Nanga dzina la uveli linachokera kuti? Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti mpopi uli kuti. Mu 2016 bungwe la European Union loona za ufulu wa anthu linafufuza m'maiko 9, ndipo linapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a Roma amakhala m'nyumba yopanda madzi a pampopi, ndipo 80 mwa 100 alionse ali pa chiopsezo cha umphawi. Umu ndi mu Ulaya, momwe ife timaona ngati madzi amangotuluka m'khoma paliponse. Mu December 2010, kukuzizira koopsa, akuluakulu a mzinda wa Cluj-Napoca ku Romania anasamutsa mabanja a Roma pakati pa tauni nkukawasiya ku Pata Rât, pafupi ndi dzala la zinyalala za mzinda wonse. Taganizani mwana wochokera kumeneko akulowa m'kalasi m'mawa, utsi wa kudzala uli m'juzi yake. Anzake amusuntha, aphunzitsi amuika kumbuyo, mawa sabweranso. Akakula osadziwa kulemba, anthu omwe anamutaya kudzala aja ndi amene adzanene kuti mtundu uwu sukonda sukulu.

Ndipo sizinayambe dzulo. M'madera a Wallachia ndi Moldavia, amene lero ndi mbali ya Romania, anthu a Roma anali akapolo kwa zaka pafupifupi 500, ogulitsidwa ngati mbuzi, ena mwa eni ake anali nyumba za amonke. Ukapolowo unatha mu 1855 ndi 1856. Pa nthawi ya Hitler anaphedwa miyandamiyanda, ndipo usiku wa pa 2 August 1944 wokha anthu masauzande amene anatsala mu msasa wa a Roma kundende ya Auschwitz-Birkenau ku Poland anaphedwa ndi mpweya wa poizoni. Papa Francis atapita ku Blaj ku Romania mu June 2019 anawapempha chikhululukiro chifukwa cha tsankho limene akhristu anawachitira. Mu September 2021 anakawayendera ku Luník IX, mumzinda wa Košice ku Slovakia, dera limene anthu ambiri a mumzindawo safuna nkupondako komwe.

Dzina lakuti Gypsy, limene ambiri a iwo salikonda, linabwera chifukwa azungu akale ankaganiza molakwika kuti anthuwa anachokera ku Ejipito. Ndikalimva ndimakumbukira Levitiko 19:34, pamene Mulungu akuuza Aisraeli kuti mlendo wokhala pakati panu mumukonde monga mudzikondera nokha, pakuti inunso munali alendo ku Ejipito. Mawu amenewa kwa ine ndi olasa, chifukwa ine ndine mlendo lero lino, chitupa changa chokhalira kuno chili ndi tsiku lothera. Abale athu a ku Joni akudziwa kulemera kwa dzina lakuti makwerekwere. Mu 2008 ndi mu 2015 anathamangitsidwa m'nyumba zawo, ena anabwerera kumudzi pa mabasi ali ndi zovala za m'thupi zokha. Nawonso ankanenedwa kuti ndi akuba, abweretsa matenda, adzaza m'nyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komabe mlendo akafika m'dziko la eni amafunafuna wina woti akhale pansi pake, kuti naye amveko ngati wafika. Ine ndinachita zimenezo, ndipo ndinazichita ndikupita kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Mu Calder Street, momwemo mu Govanhill, muli chinyumba chakale cha mabafa a anthu onse, Govanhill Baths. Chinatsegulidwa mu 1917, nthawi imene nyumba zambiri za anthu ogwira ntchito m'deralo zinalibe bafa. Agogo a eni dziko amene lero amagwira mphuno ankanyamula thawulo ndi mtolo wa zovala kupita kumeneko. Khonsolo itatseka malowo mu 2001, anthu a m'deralo analowamo nkukhalamo masiku 140 kukana. Ankadziwa kuti malo osambira ndi ulemu wa munthu wosauka.

Ndisakunamizeni kuti jumbo la sopo limathetsa zonsezi. Sopo amatha pa masabata awiri. Jumbo lathu silikonza nyumba ya chinyezi ndi chuku imene landilodi amalipiritsa ndalama zambiri, anthu khumi m'zipinda ziwiri, ndipo silikumba mpopi ku Pata Rât. Zimenezo zimafuna anthu olankhula, amalamulo, ndi atsogoleri a Roma eni ake, amene alipo ndipo akugwira ntchito. Sindikunenanso kuti pakati pawo palibe wolakwa, mtundu uliwonse uli ndi ake, ifenso tili nawo. Koma sindilola munthu kunyoza sopo. Ndaona mtsikana akutsegula jumbo, nkupeza shampu ndi mapadi, nkulitseka msanga akumwetulira chamumtima. Ndipo kaperekedwe kake nkofunika kuposa mmene ndinkaganizira. Tinasiya kujambula zithunzi za olandira. Tinasiya kulongedzeratu zonse. Tsopano timayala patebulo, munthu nkusankha yekha, chifukwa mayi amadziwa za m'nyumba mwake kuposa ife. Mabeseni timagula a mitundu iwiri.

M'nkhani ya Luka ija musandimve ngati ndikufanizira mayi wa beseni ndi mkazi wochimwa. Amene ndikumuzindikira bwino m'nkhaniyo ndi Simoni. Iye anaona kuti mkaziyo ndi wotani, anamuika m'gulu, nkutseka nkhani. Yesu anamufunsa ngati akumuona mayiyo, munthu amene ali patsogolo pakeyo, wa misozi yake ndi tsitsi lake. Funso limenelo linandipeza ine ndili ndi beseni m'manja, m'holo ya tchalitchi, ndikuchita ntchito yachifundo. Usiku wathawu kuntchito ndasambitsa nkhalamba zitatu za eni dziko, mofatsa, madzi ndikuyesa ndi chigongono kuti asawatenthe. Manja omwewo anatsala pang'ono kumana mayi mnzanga beseni la mtengo wochepa.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munavula malaya anu, nkumanga thawulo m'chiuno, nkuthira madzi m'beseni, tikhululukireni mayina amene taika pa anthu tisanawafunse dzina lawo. Kumbukirani ana a ku Pata Rât ndi a ku Luník IX amene akudzuka m'mawa uno kupita kusukulu. Kumbukirani abambo amene atsuke magalimoto a anthu tsiku lonse m'kuzizira kuno. Kumbukirani mayi uja ndi mwana wake womasulira, ndi abale athu onse amene ali m'maiko a eni. Gwirani mitima ya amene ali ndi mphamvu yobweretsa madzi kumene kulibe. Ameni.

Amene muli kuno, Loweruka likubwerali tikumananso 10 koloko m'mawa. Matewera a ana okulirapo ndi sopo wa ufa ndi zimene zatithera.