Mitengo ya mphako ndi mbalame za ku Dzalanyama

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo, pondipatsa mpata woti ndiyankhule. Nkhani ya makala takhala tikuimva kawirikawiri, makamaka kuyambira mu 2015 pamene boma linatumiza asilikali kuti azilondera nkhalango ya Dzalanyama. Lero ndikufuna tikambirane za ocheka matabwa, chifukwa ntchito yawo imaoneka ngati yosawononga kwambiri, koma pa mbalame imapweteka mwanjira yakeyake.

Wowotcha makala amadula chilichonse chimene wachipeza, pamene wocheka matabwa amasankha. Amalowa m'nkhalango kufuna mlombwa, muwanga kapena mbawa, ndipo pa mitengo imeneyi amatenga waukulu, wonenepa, umene wakhala zaka zambiri. Akachoka, munthu woyang'anira patali amaona nkhalango ikadali yobiriwira n'kumati palibe chaonongeka. Koma mitengo ikuluikulu imene yachotsedwayo ndi imene imakhala ndi mphako, ndipo mbalame zambiri za m'miombo sizimanga chisa pa nthambi: zimaswera m'mphako basi.

Taganizirani za nang'omba. Ndi mbalame yaikulu, choncho imafuna mphako yotakasuka imene singapezeke mu mtengo wanthete. Kawirikawiri imaikira mazira awiri koma imalera mwana mmodzi yekha, ndipo pamatha kupita zaka zingapo gulu limodzi lisanalerenso wina. Mukagwetsa mtengo umene gulu limaswerapo, anang'omba aja safa tsiku lomwelo. Amayendabe m'madambo kutola njoka, ziwala ndi achule, ndipo inu mumawamvabe akulira m'mamawa. Chimene chimatha ndi ana. Pakapita zaka, akuluakuluwo akamwalira, mudzi umangozindikira kuti kulira kuja kunasiya kalekale.

Gogomole naye ali ndi ntchito imene ambiri sitiiona. Amaboola mtengo wouma kapena nthambi yofumbwa kuti aswere, ndipo akasamuka, bowolo limatengedwa ndi mbalame zina zimene sizitha kuboola zokha. Kuno ku Dzalanyama kuli mtundu wina wa gogomole, wotchedwa Stierling's woodpecker, umene padziko lonse umapezeka ku Malawi, kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique kokha, ndipo alendo amachoka kutali kudzauona. Ndiye tikamati mtengo wouma ulibe ntchito, tiugwetse tipeze nkhuni, tidziwe kuti tikuchotsa malo amene mbalameyi imadyera ndi kuswera.

Palinso mtundu wina wa mpheta wa mutu wobiriwira motuwirako umene umaluka chisa chake ndi ndere zija zimalendewera m'nthambi za miombo ngati ndevu za nkhalamba. Ndere zimenezi zimachuluka pa mitengo yokhwima, pamene nthambi zakumana pamwamba. Mukachepetsa mitengo yotere, mphetayo imasowa chomangira, ngakhale pansi patamera tchire lochuluka bwanji.

Ena anena kuti, "Nanga si timabzala ina?" Kubzala n'kwabwino, ndipo paini ndi bulugamu zimatithandiza kupeza matabwa ndi milimo popanda kulowa m'nkhalango yachilengedwe. Koma amene munafikako ku Chikangawa, kumene kunabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, mukudziwa kuti m'kati mwa paini mumakhala zii. Mulibe masuku, mulibe nkhuyu, tizilombo timene mbalame zimadya ndi tochepa, ndipo mitengo imadulidwa isanafike msinkhu wochita mphako. Munda wa paini ndi munda, tisautche nkhalango.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti miombo imaphukira pa chitsa. Mukadula bwino, osatentha chitsacho, ndi kuteteza mphukira ku moto ndi mbuzi, tchire limabwerera. Komabe mphukira imachedwa kwambiri kuti ikhale mtengo wa mphako, ndipo ambiri a ife tili pano sitidzaiona ikufika pamenepo. N'chifukwa chake mtengo wakale umodzi wosiyidwa pakati pa malo odulidwa ndi wofunika kwa mbalame kuposa mphukira zambirimbiri.

Nyengo yodulira nayo ili ndi kanthu. Mbalame zambiri za m'miombo zimaswa kuyambira mu Seputembala kufika mu Novembala, pamene mitengo ikutulutsa masamba ofiira aja ndipo mbozi zachuluka. Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi imene macheka amalira kwambiri, chifukwa misewu ndi youma ndipo galimoto zimafika mpaka m'kati. Nthambi zimene ocheka amasiya pansi zikauma zimakoleza moto wolusa wa mu Okutobala, umene umapsereza mphukira pamodzi ndi mazira a mbalame zoikira pansi.

Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kudula m'nkhalango ya boma popanda chilolezo, ndipo zimenezo sitikambirana. Pempho langa likukhudza nkhalango yathu ya m'mudzi, imene ili m'manja mwa a mfumu ndi komiti. Ndikupempha kuti komiti iyendere nkhalangoyi pamodzi ndi ocheka matabwa, chifukwa iwo ndi amene amaidziwa mitengo, ndipo uliwonse wa mphako, wouma woimirira, kapena wobala zipatso upakidwe penti kuti usadulidwe. A Gulupu akatipatsa tsiku, penti ndibwera nayo ndine.