Kuyambitsa gulu la makolo ophunzitsira ana pakhomo kuno ku England

[Wolankhula wakhala patebulo la kukhitchini, patsogolo pake pali kope ndi mabuku a ana.]

Moni nonse, amayi ndi abambo, makamaka inu amene mukulera ana kuno ku England. Nkhani ya lero yachokera kwa mayi wina amene ndinacheza naye titaweruka kutchalitchi. Mwana wake wa zaka 9 amalira m'mawa uliwonse, sakufuna kupita kusukulu chifukwa anzake amamuzunza. Mayiyu anamva kuti kuno kholo likhoza kuphunzitsa mwana pakhomo, ndiye anandifunsa kuti: "Ndekha sindingathe, ndimagwira ntchito usiku. Nanga titagwirizana mabanja angapo, n'zololedwa?" Inde, n'zololedwa. Koma pali malire amene mukawadumpha, ngakhale mosadziwa, mwapalamula mlandu.

Tiyambe ndi lamulo. Gawo 7 la Education Act ya 1996 limati udindo woonetsetsa kuti mwana akuphunzira uli m'manja mwa kholo. Maphunzirowo akhale okwanira, oyenera msinkhu ndi nzeru za mwanayo, ndipo akhoza kuchitikira kusukulu kapena mwanjira ina. Mawu akuti "mwanjira ina" amenewa ndiwo khomo limene makolo onse ophunzitsira ana pakhomo amalowera. Si anthu ochepa ayi. Chakumapeto kwa 2024, unduna wa zamaphunziro unawerenga ana pafupifupi 111,700 ophunzirira pakhomo mu England mokha.

Simufunika kukhala mphunzitsi wa satifiketi, ndipo palibe amene angakukakamizeni kutsatira silabasi ya boma. Ngati mwana ali pasukulu wamba, mumalembera kalata mphunzitsi wamkulu kuti amuchotse m'kaundula. Ngati ali pasukulu ya ana ofunika chisamaliro chapadera imene anamupezera ndi akhonsolo, muyenera kupempha kaye chilolezo kukhonsoloko. Inu a ku Scotland, lamulo lanu ndi lina: kumeneko khonsolo iyenera kuvomera musanachotse mwana pasukulu ya boma. Dziwaninso kuti mu Disembala 2024 boma linapereka kunyumba ya malamulo bilu ya Children's Wellbeing and Schools, imene mwa zina inkafuna kuti makhonsolo azisunga kaundula wa ana osapita kusukulu. Choncho musanalembe chilichonse, werengani kaye zimene khonsolo ya dera lanu yalemba pa intaneti.

[Pa sikirini palembedwa: ana 5, maola 18.]

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amapunthwa. Malo alionse amene akupereka maphunziro onse a mwana kwa ana 5 kapena kuposerapo, lamulo limawatenga kuti ndi sukulu, ndipo ayenera kulembetsedwa kuboma. Ngati pali mwana mmodzi yekha wokhala ndi chikalata cha EHCP, chimene khonsolo imapereka kwa mwana wofunika chisamaliro chapadera, kapena amene ali m'manja mwa khonsolo, chiwerengero cha 5 chija sichigwiranso ntchito, mmodziyo ndi wokwanira. Unduna umaona maola 18 pa sabata ngati chizindikiro chakuti malowo ndi sukulu yeniyeni, koma ngakhale maola atachepera, akapeza kuti ana akuphunzira pafupifupi zonse pamalo amenewo, nkhani ndi yomweyo. Kuyendetsa sukulu yosalembetsa ndi mlandu pansi pa Education and Skills Act ya 2008, a Ofsted, bungwe la boma loyendera masukulu, amafufuza malo oterewa, ndipo chilango chake chimafika mpaka kundende. Ambiri a ife tili kuno pa viza ya ntchito. Mlandu wotere ukhoza kugwedeza banja lonse.

Kwathu tinazolowera kuti munthu akakhala ndi chipinda chapadera ndi bolodi, mawa lake ana a m'dera ayamba kubwera, basi sukulu yabadwa. Kuno maganizo amenewo asiyeni. Gulu limene tikunenali si sukulu. Ndi chipereganyu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mosonkha ndalama, mukusonkha maola ndi luso. Mwana aliyense amaphunzirabe kwawo, kholo lake ndilo limayankha khonsolo ikafunsa, ndipo gulu limangothandiza pa zinthu zimene kholo limodzi silingakwanitse palokha.

Tiyerekeze chonchi. Mabanja 5, ana 9, kukumana Lachiwiri ndi Lachisanu, maola atatu tsiku lililonse. Ndi maola 6 pa sabata, kutali kwambiri ndi malire aja. Mayi amene ndi namwino atenge sayansi ya thupi la munthu. Bambo amene anaphunzira zowerengera ndalama atenge masamu a ana okulirapo. Agogo amene abwera kudzacheza apatsidwe ola la nthano ndi zilape, ndipo ola limenelo ine ndimaliwerengera kwambiri. Ana athu ambiri amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndipo akaimba foni kumudzi amangoti "ndili bwino" n'kubweza foni kwa mayi awo. Mwana akamaimba, kusewera phada ndi kukangana ndi anzake m'Chichewa kawiri pa sabata, lilime limamasuka mwanjira imene kuyankhula ndi makolo okha sikungathe.

Chimene chimapha magulu otere kawirikawiri si lamulo. Ndi ntchito kugwera munthu mmodzi. Pagulu lililonse pamakhala mayi wina waulemu, wosatha kukana, amene nyumba yake ili ndi balaza lalikulu. Mwezi woyamba aliyense amabwera ndi changu. Mwezi wachitatu wina wasinthidwa shifiti, wina akuti wangotsala pang'ono kufika, wina wangotula ana pakhomo n'kuliza galimoto. Mayi uja watsala yekha ndi ana 9, akuphika, akuphunzitsa, akukolopa, ndipo sadandaula chifukwa mumapemphera mpingo umodzi. Tsiku lina amangoti wadwala, gulu n'kuthera pomwepo, chibale n'kusokonekera.

Mankhwala ake timawadziwa kale. Amayi a banki mkhonde sayamba kuponya ndalama asanagwirizane malamulo, ngakhale akhale pachibale. Amasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kulemba chindapusa cha wochedwa. Inunso chitani chimodzimodzi pa msonkhano woyamba, ana asanabwere. Lembani papepala kuti banja lililonse lizipereka maola angati pa mwezi, ndipo amene sangathe kuphunzitsa azichita chiyani m'malo mwake, kaya kukonza m'chipinda, kaya kunyamula ana pa ulendo. Poti ambiri timagwira ntchito ya mashifiti m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndandanda muziikonza mwezi ndi mwezi rota ya kuntchito ikatuluka, osati kamodzi pachaka. Kambiraninso nkhani ya chilango mosabisa mawu. Pagulu pasapezeke wokweza dzanja pa mwana wa mnzake, zivute zitani. Nkhani ya mapemphero nayo ithereni pomwepo, makamaka ngati muli a mipingo yosiyana kapena pali Asilamu ndi Akhristu.

Lamulo limodzi limene ndikukupemphani kuti musalinyengerere ndi ili: kholo lizikhala pomwepo, kapena lisiye mwana m'manja mwa kholo linzake lodziwika ndi dzina tsikulo. Mukayamba kulandira malipiro posunga ana osakwana zaka 8 kwa maola opitirira awiri patsiku, mwalowa m'malamulo ena a kasungidwe ka ana, amene angafune kuti mulembetse ku Ofsted. Munthu wamkulu asatsale yekha ndi mwana wa wina m'chipinda chotseka, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Mukalemba ganyu mphunzitsi wakunja, mwina wa masamu kapena wa nyimbo, onani chikalata chake cha DBS, choonetsa ngati ali ndi mbiri ya milandu, musanamupatse ana.

Za malo sindichulukitsa. Holo ya tchalitchi kapena ya m'dera imaposa nyumba ya munthu, chifukwa palibe amene amasanduka mwini gulu. Eni holo ambiri amafunsa inshulansi yoteteza anthu akavulala, ndiye ikeni m'bajeti. Laibulale ndi yaulere. Natural History Museum ndi Science Museum ku London, kapena National Railway Museum ku York, mumalowa osalipira pakhomo, ndipo mkati mwa sabata simukhala chipwirikiti.

[Wolankhula akutsegula kope, akuonetsa tsamba la ndalama.]

Ndalama zenizeni zili pa mayeso. Mukachotsa mwana kusukulu, boma silikupatsani kanthu: mabuku ndi anu, chakudya chamasana ndi chanu, mayeso a GCSE, amene ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16, ndi anu. Mwana amalemba ngati wodzilembetsa yekha, ndipo kholo liyenera kusaka malo ovomera kumulandira. Mtengo umasiyana malo ndi malo, koma kawirikawiri phunziro limodzi limapitirira mapaundi 100, ndiye werengerani maphunziro 5 kapena 6. Mayeso amalembedwa mu Meyi ndi Juni, koma kulembetsa kumatsekedwa cha mu Febuluwale, malo ena amatseka msanga kuposa apo. Mabanja ambiri amasankha IGCSE, mtundu wina wa GCSE, ya bungwe la mayeso la Pearson Edexcel kapena la Cambridge chifukwa maphunziro ake ambiri amayesedwa ndi mayeso olemba okha, popanda ntchito yofunika kuchongedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu. Apa ndi pamene gulu limapindulitsa kwambiri. Kholo limodzi liziimba mafoni kusaka malo a mayeso m'malo mwa onse, mabuku azichoka kwa mkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo kathumba ka mayeso muyambe kusonkha mwana akadali ndi zaka 12. Makoleji ena amalandiranso ana a zaka 14 mpaka 16 ophunzirira pakhomo pa maphunziro ena osalipira, ndiye funsani koleji yapafupi.

Kwa mayi wa kutchalitchi uja ndinanena izi, ndipo ndikuzinenanso kwa inu. Kalata yochotsa mwana ikhale chinthu chomaliza. Mukangoipereka, malo a mwana akhoza kupatsidwa kwa wina, ndipo mukasintha maganizo palibe chitsimikizo chakuti abwerera pasukulu yomweyo. Ngati vuto ndi kuzunzidwa, lembani kaye dandaulo kusukuluko, chifukwa ali ndi udindo wolikonza. Pamene mukudikira yankho, itanani mabanja aja, mukumane Loweruka kwa mwezi wathunthu ana akadali pasukulu, muone amene amafika pa nthawi yake ndi amene amangotumiza uthenga pa WhatsApp.