Sea moss ndi matenda a m'matumbo: m'botolomo muli chiyani?

Moni abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Harare yense. Pa WhatsApp masiku ano pachuluka ogulitsa sea moss, yonanda ija ya m'botolo yochokera ku ndere zofiira za m'nyanja yamchere, akuti imathetsa vuto lililonse la m'mimba. Musanatulutse madola anu, tamvani kaye.

(Chithunzi: amayi akukolola ndere m'madzi ofika m'mawondo)

Awa ndi amayi a ku Zanzibar, komwe ulimi wa ndere za m'nyanja yamchere unayamba mu 1989. M'ndere zotere muli zinthu zomwe mimba yathu siitha kugaya. Zofiirira, monga kombu ndi wakame za ku Japan, zili ndi fucoidan ndi alginate. Alginate mwina munamwapo kale, ali mu Gaviscon wa chilungulira uja. Zofiira zimapereka agar ndi carrageenan.

Popeza sizigayika, zimatsetsereka mpaka m'matumbo aakulu, komwe kuli mabakiteriya ochuluka zedi. Ena mwa iwo amazidya n'kutulutsa timadzi monga butyrate, chakudya cha khungu la m'kati mwa matumbo. Khungulo likakhuta limalimba, ndipo kutupa kumachepa.

Komatu si munthu aliyense ali ndi mabakiteriya otha ntchitoyi. Mu 2010 asayansi anapeza kuti bakiteriya wina, Bacteroides plebeius, wa m'matumbo mwa anthu a ku Japan, anatengera luso logaya ndere kwa mabakiteriya a m'nyanja. Anthuwo adya ndere kwa zaka mazana ambiri. Ife kuno tinakulira nsima ndi nyemba, nyanja yamchere ili uko ku Beira.

Chinanso, kafukufuku wambiri wosonyeza kuti fucoidan amachepetsa kutupa kwa matumbo wachitidwa pa makoswe a m'labotale. Ndi chiyambi cholimbikitsa, ine ndimachitsatira ndi chidwi, koma dokotala sangakupatseni fucoidan m'malo mwa mankhwala a matenda otupitsa matumbo monga Crohn's kapena ulcerative colitis.

Ndipo apa mumvetsetse. Chomwe chimanandiza sea moss ndi carrageenan, yemweyo wolembedwa E407 pa ayisikilimu ndi mkaka wa chokoleti. Wa m'zakudyayu ndi wololedwa, koma akaphwanyidwa ndi asidi, asayansi amamugwiritsa ntchito kutupitsa dala matumbo a nyama zoyeserera. Amene matumbo ake ndi otupa kale afunse dokotala asanamwe sea moss. Ndere zilinso ndi ayodini wambiri, ndipo mchere wathu ali nayenso kale. Akachuluka amasokoneza chithokomiro.

Ofuna kudyetsa mabakiteriya abwino aja, nyemba, therere, mbatata, malambe ndi ufa wa mgaiwa zili mbwee ku Mbare Musika.

Koma ngati mukuchita chimbudzi cha magazi, kutsegula m'mimba sikukuleka, kapena mukuwonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala lero. Kolera ya mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro tonse tikuikumbuka. Kuchipatalako akayeza chimbudzi ndi magazi, ndipo mukawauze zonse zomwe mwakhala mukumwa, sea moss yemweyo.