Kalata ya landilodi ikabwera, iyankheni

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji nonse?

Ambiri mwamva kale zagwera banja lina la pakati pathu pano. Dzina sinditchula. Anachita phwando la ubatizo wa mwana, nyimbo zinalira mpaka mbandakucha, galimoto za alendo zinatseka njira ya aneba. Kalata yoyamba yochenjeza yochokera ku housing association, bungwe lochititsa lendi nyumba, inabwera, anaiponya mudilowa. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatuyi ikukamba za kukhoti. Ndiye changa lero n'chimodzi: kalata ikabwera, iyankheni.

Kuno ku England, mukamalowa m'nyumba ya khonsolo kapena ya housing association, mumasainira kuti simudzasowetsa anzanu mtendere. Pangano limenelo limamanga inuyo, ana anu, ngakhalenso alendo anu. Alamu anu akakhuta mowa n'kuyamba kutukwana pamasitepe, mlanduwo ndi wanu. Ndipo amene muli pa starter tenancy, pangano loyeserera la miyezi 12 yoyamba ija, kukutulutsani n'kosavuta kuposa anzanu okhalitsa.

Nanunso a mapemphero a usiku wonse, musandiyang'ane choncho. Mulungu sagontha. Makoma a mafulatiwa ndi opyapyala, munthu akatsokomola uko mumamumva. Kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa, phokoso amaliona ndi diso lina. Kwathu neba akamva ng'oma amabwera kudzavina nawo, kuno amatenga foni n'kujambula.

Komatu landilodi sathamangira kukutulutsani. Amayamba ndi kutumiza housing officer, wogwira ntchito woyang'anira nyumbazo, kuti amve mbali yanu. Kenako kalata yochenjeza. Mwina akuitanani pamodzi ndi nebayo pamaso pa mkhalapakati, kapena akusainitsani pangano loti musinthe khalidwe. Zonsezi zikakanika m'pamene amapita kukhoti kukatenga injunction, chiletso cha khoti, motsatira lamulo la 2014. Mukaphwanya chiletso chimenecho, khoti n'kutsimikiza, landilodi angathe kupempha nyumba yake pa mfundo imene woweruza sakhala ndi mpata wokuchitirani chifundo. Mukapita kukhonsolo angakuuzeni kuti pokhala mwadzisowetsa nokha. Zonsezo zimayambira pa kalata ija munaibisa. Iyankheni!

Ee, mayi kumbuyoko?

"Nanga ife amene tikuzunzidwa? Anyamata a pamwamba pathu amatiponyera zinyalala pakhomo, amatinyoza khungu. Ndaimbaimba foni, palibe chikuchitika."

Pepani kwambiri mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa. Choyamba, kunyozedwa chifukwa cha khungu si nkhani ya landilodi yekha, ndi mlandu wa polisi. Imbani 101, ngati moyo uli pachiswe 999, ndipo mufunse nambala ya mlanduwo. Chachiwiri, mwati mwaimbaimba. Munalemba pati? Foni imapita ndi mphepo. Gulani kope la ana a sukulu, muzilembamo tsiku, nthawi, chimene chachitika, amene anaona, komanso kuti mwana wanu analephera kugona. Zinyalalazo zijambuleni musanasese. Mukaimba foni, tsatizani ndi imelo.

Mu 2007 ku Leicestershire, mayi wina dzina lake Fiona Pilkington anapha mwana wake wamkazi wolumala n'kudziphanso yekha, achinyamata atawazunza kwa zaka zambiri. Apolisi anali atauzidwa maulendo oposa 30, koma dandaulo lililonse ankalitenga ngati kankhani kapadera, osaona kuti ndi banja limodzimodzi likuvutika. Nkhani zotere ndi zimene zinabweretsa ASB Case Review, njira younikanso madandaulo a khalidwe losowetsa anthu mtendere. M'madera ambiri, mukadandaula katatu m'miyezi 6 popanda chooneka, muli ndi ufulu wopempha kuti khonsolo, apolisi ndi landilodi akhale pansi pamodzi aunikenso nkhani yanu. Kope lija ndi limene lidzakuyankhulireni. Koma chonde mayi, musatume mwana wanu wamkulu kukabwezera. Akangokweza dzanja, kalata yotsatira idzabwera kwa inu.

Ndinenenso kuti si phokoso lililonse limene landilodi angalitenge ngati mlandu. Mwana kulira, makina ochapira masana, munthu kuyenda pamwamba panu, zimenezo adzakuuzani kuti ndi moyo wa m'mafulati.

Ndikuona ena maso ali kumapoto, ndifulumire. Ngati landilodi akukuzengerezani, lembani dandaulo lovomerezeka. Akakudziwitsani kuti alilandira, ayenera kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito. Simunakhutire, pitani gawo lachiwiri, masiku 20. Zikakanikabe, pitani kwa Housing Ombudsman, ofesi younika madandaulo okhudza malandilodi, ndipo n'kwaulere. Ngati odandaulidwa ndinu, tsegulani kalatayo tsiku lomwelo, imbani foni, pitani kumsonkhano umene akuitanani, tengani wina ngati Chingerezi cha m'makalata chikuvutani. Mabungwe opereka uphungu a Citizens Advice ndi Shelter amathandiza osalipiritsa. Mukakonza phwando, gogodani kwa aneba tsikulo lisanafike, muwauze nthawi yotsekera, kapena chitani lendi holo ngati ino.

Amene muli ndi kalata m'chikwama panopa, mundipeze pakhomo paja tikatha kudya, tiiwerengere limodzi.