Siteshoni ya ozimitsa moto ndi ambulansi pa boma: zofunika kuganizira njerwa yoyamba isanaikidwe

[Chithunzi: mapu a msewu wa M1, kuchokera ku Lilongwe kutsika mpaka ku Blantyre]

Tiyambe ndi masamu pang'ono. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160. Galimoto yozimitsa moto ikadzaza madzi imalemera kwambiri, siingathamange ngati Sienta. Tingoti ikuyenda makilomita 80 pa ola, yadutsa pa Kalinyeke osaima, sinakumane ndi mathiraki pa zitunda za ku Dedza. Ndiye kuti maola awiri. Pomwe moto ukabuka m'sitolo yodzaza matiresi, zigubu ndi mafuta ophikira, mphindi 10 sizikwana, chipinda chonse chimakhala chayaka. Ozimitsa moto ochokera kumzinda akamafika amangopeza malata opindika.

Kuno kwathu ntchito yozimitsa moto ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo omwe ali ndi nthambi zokhazikika ndi a mizinda inayi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. M'maboma ambiri moto ukabuka anthu amathamanga ndi zidebe ndi mchenga, ena n'kumaimba foni kumzinda. N'chifukwa chake msika ukapsa simulephera kumva wina pa wailesi akuti, "Atimangire siteshoni yathu konkuno."

Ndi pempho labwino. Koma ine ndikuti pa zonse zofunika kuti siteshoni igwire ntchito, nyumbayo ndiye chinthu chosavuta kwambiri. Tiyerekeze kuti khonsolo ya boma ngati Ntcheu yapeza ndalama, ikufuna malo amodzi okhalamo ozimitsa moto ndi ambulansi. Iyambire pati?

[Chithunzi: mapu a tauni, kadontho kofiira pakati, mizere yozungulira]

Iyambire pa wotchi. Munthu akasiya kupuma, ubongo umayamba kuwonongeka pakangodutsa mphindi 4 mpaka 6. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu atha kutha magazi m'mphindi 5 zokha. Ku America kuli bungwe la NFPA lomwe limaika miyezo ya ntchito yozimitsa moto. Muyezo wawo wa m'matauni umati galimoto yoyamba iyende mphindi zosaposa 4 kukafika pamalo. Wa kumidzi, komwe ozimitsa moto ndi ongodzipereka, umapereka mphindi 14. Sindikunena kuti tikopere manambala amenewa, misewu yathu ndi ina. Koma taonani kuti iwo amayamba ndi mphindi, kenako n'kufunafuna malo okwanira mphindizo.

Ife kawirikawiri timayamba ndi puloti. Pali malo a khonsolo opanda kanthu kuseri kwa bwalo la mpira, basi timange pamenepo. Osafunsa kuti kamsewu kopita kumeneko kamakhala bwanji mu February, kapena kuti pali kamlatho koti thiraki ya matani 15 singadutsepo.

Kwa tauni ya m'mbali mwa M1, siteshoni iyenera kukhala poti galimoto ikatuluka pageti yalowa kale mu tala, ndipo itha kukhotera kumpoto kapena kummwera mosavuta. Koma isakhalenso pakamwa pa msika kapena pa depoti. Amene anadutsapo pa Lizulu tsiku la msika akudziwa: kabichi m'mbali mwa msewu, maminibasi oima paliponse, akabaza, anthu owoloka ndi matumba a mbatata pamutu. Sairini ingalire bwanji, pamenepo palibe kothawira. Choncho asanasankhe malo, wina atenge galimoto ndi wotchi, ayende kuchokera pa pulotiyo kupita kumsika, kuchipatala, kusukulu zogonera ndi kumalo omwetsera mafuta. Ayese m'mawa, ayese tsiku la msika, ayesenso mvula itagwa. Apitenso kupolisi ya pamsewu akafunse malo omwe ngozi zimachitikachitika, chifukwa iwo amalemba zimenezi.

[Chithunzi: thanki ya galimoto yozimitsa moto, madzi akutsika pang'onopang'ono]

Tsopano madzi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa anthu ambiri sazidziwa. Mukaona chigalimoto chofiira chija mumaganiza kuti chanyamula dziwe lonse. Ayi. Zambiri zimanyamula malita apakati pa 2,000 ndi 4,000. Paipi imodzi yothira pamoto imatulutsa malita pafupifupi 400 kapena 500 pa mphindi. Werengani nokha: thanki ya malita 3,000, paipi imodzi, mphindi 6 kapena 7 madzi atha. Akatsegula mapaipi awiri, mphindi 3.

Ndiye mukamva anthu akukuwiza kuti ozimitsa moto abwera opanda madzi, nthawi zina zoona zake n'zakuti anabwera nawo, koma atha anthu asanazindikire. Galimotoyo ntchito yake yeniyeni ndi pampu. Madzi a muthanki ndi oyambira chabe, pomwe anzawo akulumikiza paipi ku gwero lina. M'mizinda gwerolo ndi ma hydrant, mipopi ikuluikulu ija ya m'mbali mwa msewu. Koma hydrant imadalira paipi yaikulu yapansi yokhala ndi mphamvu. Pa tauni yomwe madzi amabwera usiku wokha, kapena amasiya magetsi akathima chifukwa mapampu a bungwe la madzi aima, hydrant ndi chitsulo chongoima.

Ndipo gwero lenilenilo litha kuuma. Mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limamwetsa anthu a ku Balaka ndi madera ena a Ntcheu, linaphwa. Tangoganizani moto utabuka pamsika m'miyezi imeneyo.

Choncho siteshoni ya tauni yaing'ono iyenera kukhala ndi madzi akeake: chitsime chokumba ndi makina, pampu ya sola, ndi thanki yaikulu yosungira malita masauzande ambirimbiri, yomwe palibe wololedwa kutungamo ochapira magalimoto. Thanki ina ikhale pamsika penipeni, poti m'pamene moto woopsa umakonda kubuka. Pakhalenso galimoto yongonyamula madzi, ndi kapampu konyamulika koti anthu awiri atha kukatsitsa kumtsinje. Kunena zoona, ndalama zitachepa, ine ndingasankhe galimoto yaing'ono yokhala ndi madzi odalirika kusiyana ndi chigalimoto chatsopano chopanda pomwera.

[Chithunzi: mitundu itatu ya zolumikizira mapaipi, zoyandikana]

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamagwetsa ntchito yonse. Magalimoto ambiri ozimitsa moto m'mayiko ngati athu amabwera ngati mphatso, atagwira kale ntchito kunja. Palibe cholakwika. Koma kachitsulo ka kumapeto kwa paipi, kolumikizira paipi ina, kamasiyana malinga ndi dziko. Ku Britain ali ndi kawo kongokankha n'kugwira. Ku Germany amagwiritsa ntchito ka Storz, kopotokola. Ku Japan kuli ka Machino. Galimoto ya ku Japan ikakumana ndi paipi ya ku Britain usiku pamoto, sizilowana. Pamafunika kachitsulo kapakati kogwirizanitsa ziwirizo, kotchipa poyerekeza ndi galimoto, koma ngati palibe anakaganizira pogula, anthu amangoyang'anana moto ukuyaka. Funso lomwelo lifunsidwe pa masipeyala: pampu ikafa, makaniko ali kuti, ndipo chitsulocho chichokera kuti?

Kwa tauni ya pa M1, tisaiwale kuti ozimitsa moto azidzaitanidwa kawirikawiri ku ngozi zapamsewu. Minibasi ikagundana ndi thiraki, anthu amapanikizika m'zitsulo. Popanda zida zodulira ndi kukanula zitsulo, anthu akufuna kwabwino amabwera ndi nkhwangwa, amakoka wovulala ndi mikono, ndipo amene anangothyoka msana amafika kuchipatala atapuwala. Zida zimenezi zikhale pa bajeti yoyamba, osati ya chaka chamawa.

[Chithunzi: pulani ya nyumba, zipinda zikuoneka kuchokera pamwamba]

Nyumbayo ndiidutsa mwachangu, akatswiri a mapulani alipo. Zitseko zikhale zazitali ndi zotakata, magalimoto aziima atayang'ana kumsewu. Pakhale jenereta kapena sola ndi mabatire, chifukwa wailesi yolankhulirana siingadikire ESCOM. Pansi pakhale konkire yolimba ndi ngalande. Chipinda chogona chitalikirane ndi moimika magalimoto ndi mosungira zovala zamoto. Chifukwa chake n'chakuti bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2012, ndipo mu 2022 linaikamonso ntchito yozimitsa moto. Mwaye wa pa jekete usamalowe momwe anthu amadyera nsima.

Ndipo imangidwe molimba kuposa nyumba wamba, pamalo okwera. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomezi, a ku Salima amakumbukira 1989, a ku Karonga 2009. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anadula misewu ndi milatho kuchigawo cha kummwera, madera ena osafikika masiku angapo. Tsiku lotero ndi lomwe siteshoni ikufunika kwambiri, ndiye isakhale yoyamba kulowa madzi.

[Chithunzi: foni ikulira patebulo usiku]

Nanga foni ayankha ndani 2 koloko usiku? Kuti mpando umodzi ukhale ndi munthu usana ndi usiku chaka chonse, pamafunika anthu 4 kapena 5, poti pali mashifiti, tchuthi, matenda ndi maliro. Galimoto yozimitsa moto imafuna anthu osachepera 4 kuti agwire ntchito mosaika moyo pachiswe, ambulansi 2. Ndi mipando 6 imeneyo. Chulukitsani, mupeza anthu 24 kapena kuposa, onse a malipiro mwezi ndi mwezi. Khonsolo yomwe ndalama zake zambiri zapamalo zimachokera ku ziphaso za mumsika ndi malaisensi a bizinesi, zimenezi n'zolemera.

Mayiko olemera nawonso sakwanitsa kulemba ntchito anthu onsewa m'matauni aang'ono. Ku Germany ozimitsa moto ongodzipereka alipo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ndi omwe amagwira ntchitoyi m'midzi ndi m'matauni ambiri. Ku America, pa ozimitsa moto atatu alionse, pafupifupi awiri ndi ongodzipereka. Munthu ndi mphunzitsi kapena kalipentala, belu likalira amasiya zonse n'kuthamangira kusiteshoni. Koma amenewa amaphunzitsidwa mokwanira, amapatsidwa zovala zoteteza, ndipo akavulala pali inshuwalansi. Kudzipereka sikutanthauza kutuma mnyamata wovala masilipasi m'nyumba yoyaka.

Kuno njira yoyenera ingakhale yosakaniza: kagulu kochepa ka olembedwa ntchito, madalaivala ndi atsogoleri a shifiti, kenako odzipereka ochokera mwa anthu omwe amakhala pamsewu kale. Akabaza amafika pangozi ambulansi isanadzuke n'komwe. Mavenda a mumsika amadziwa pomwe pali mawaya olumikiza mwachinyengo ndi mbaula zosiyidwa usiku. Bungwe la Malawi Red Cross limaphunzitsa kale chithandizo choyamba. Wakabaza wodziwa kukanikiza bala ndi nsalu yoyera, kumanga mwendo kuti magazi aleke, ndi kuletsa anthu kugwedeza khosi la wovulala, ndiye amene amagwiritsa ntchito mphindi 5 zoyambirira zija.

Zoterezi zinayesedwapo. Ndi thandizo la World Bank, Unduna wa Zaumoyo unayambitsa ntchito yoyeserera ya ambulansi za ngozi pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, yokhala ndi nambala yaulere ya 118, malo olandirira mafoni, komanso anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu ophunzitsidwa kuthandiza ovulala. Tauni yomanga siteshoni yake ifunse kaye a zaumoyo kuti ilumikizana bwanji ndi zomwe zilipo, isayambitse nambala yakeyake yoti palibe angaikumbukire ali pa mantha.

[Chithunzi: ambulansi ikutuluka pageti la chipatala]

Pali vuto lina la ambulansi lomwe mapulani saonetsa. Wovulala mutu kapena msana sathera pachipatala cha pa boma, amatumizidwa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth. Kuchokera ku Ntcheu, kupita, kupereka wodwala ndi kubwerera, ndi theka la tsiku. Ngati ambulansi ili imodzi, nthawi yonseyo tauni ilibe. Ndiye pafunika lamulo lolembedwa: iyi ndi ya ngozi, iyo ndi yotumiza odwala, ndipo ya ngoziyo siinyamula maliro, siikatenga katundu, siiperekeza bwana kumsonkhano. Kulemba n'kosavuta. Kovuta n'kwakuti dalaivala akhale ndi mphamvu yokana akamutuma munthu wamkulu, ndipo mphamvu imeneyo angampatse ndi bwanamkubwa ndi makhansala basi.

Chimodzimodzi mafuta. Mizere ya pa filling station tonse timaidziwa. Siteshoni ikhale ndi dizilo wosungira wake, kapena pangano lolembedwa ndi omwetsa mafuta a pa tauni loti malita akutiakuti sagulitsidwa kwa wina aliyense.

Ndalama zomangira zimapezeka mosavutirapo, chifukwa nyumba imaoneka, imadulidwa riboni, imajambulidwa. Matayala, mabatire, thovu lozimitsira moto wa petulo, mpweya wa okosijeni mu ambulansi ndi malipiro a alonda a usiku, zimenezi palibe amaziitanira atolankhani, koma zimabwera chaka ndi chaka. Choncho pulani ikadzafika ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu kapena kumsonkhano wa khonsolo, pemphani kuona mapepala awiri. Loyamba la mtengo womangira. Lachiwiri la ndalama zoyendetsera siteshoniyo chaka chachiwiri ndi chachitatu, dizilo, malipiro ndi masipeyala, ndi dzina la thumba lomwe ndalamazo zizichokera.